Anamucha Carlos, ndipo analeka kuvina

Mukakwela basi ya ku Eastern pa Intercity m'mamawa, nthawi zambili mumagona mpaka fungo la nsomba za pa Luangwa Bridge likudzutseni. Ine ulendo uno sininagone olo pang'ono. Kumbuyo kwanga kunakhala atsikana awili obwelela ku boarding ku Petauke, foni imodzi, ma earphone amodzi, uyu khutu lamanja uyu lamanzele. Kucokela ku Chongwe mpaka kupitilila Rufunsa anali kukangana za anyamata awili, Carlos na Seb. Ninaganiza kuti ni a m'kilasi mwao. Pa Luangwa, pamene tinali kugula nsomba, ninawafunsa, ndipo anaseka: ati ni anthu a mu filimu.

Filimuyo ni High School Musical: The Musical: The Series, ya Disney+. Inayamba mu November 2019 ndi kutha mu August 2023, ma season anai. Nkhani yake ni ya ana a sukulu ya East High ku Salt Lake City, ku America, amene amakonza masewelo a nyimbo. Ndiye mwamene Olivia Rodrigo anadziwikila asanatulutse Drivers License mu 2021. Iye amasewela Nini, mtsikana wokondana na Ricky. Koma atsikana a m'basi sanali pa Nini na Ricky. Carlos, amene amasewela Frankie Rodriguez, ndiye mphunzitsi wa magule m'gululo. Seb, amene amasewela Joe Serafini, ni mnyamata wa ku famu wodziwa kuimba. Awiliwa amakondana, amavinila pamodzi pa dansi ya sukulu mu season yoyamba, ndipo mu yaciwili Carlos amamuimbila mnzakeyo nyimbo yacikondi. Okonda filimuyi pa intaneti anawalumikiza maina n'kuwacha Seblos.

Mmodzi wa atsikana aja anali kumbali yao na mtima wonse. Kwa iye, awiliwa ndiwo okha m'filimu yonse amene amalankhulana mwaulemu, osati Ricky na Nini, lelo akondana mailo asiyana. Mnzake anali kukonda nyimbo, anali kuziimba zonse, koma anati zikafika pa anyamata aja amafowada, cifukwa ku chalichi anaphunzila kuti ni chimo ndipo safuna kuti maso ake azolowele. Cinanidabwitsa n'cakuti mkangano wonsewu sunawalekanitse. Wofowada anali kupeleka foni kwa mnzake, iye n'kuyang'ana pa windo mpaka cigawoco cithe, ndiye n'kubweza earphone m'khutu.

Mwina muli kufunsa kuti filimu ya Disney+ inafika bwanji ku Petauke. Disney+ inatsegulidwa ku South Africa mu May 2022, koma ana a kuno sanayembekezele zimenezo. Zidutswa zili pa TikTok na Facebook, ma episode athunthu amayenda pa flash na memory card, kapena foni ku foni mu dormitory usiku, opanda bundle. Mmodzi akabwela nayo kucoka ku Lusaka, pofika pa Sabata onse aiona.

Apa m'pamene zinthu zasinthila. Mukumbuka February 2019, pamene a Godfridah Sumaili, nduna ya za cipembedzo panthawiyo, anakwiya na Lusaka Hustle ya pa Zambezi Magic cifukwa woimba Kuni anaoneka atavala covala cimene ambili anati n'ca akazi? A IBA analamula, MultiChoice inaimitsa pulogilamuyo. Kumbuyoko mu 2017, dziko la Kenya linaletsa Andi Mack ya Disney Channel itaonetsa mnyamata wokonda mnyamata mnzake. Zonsezo zinali kutheka cifukwa TV inali imodzi, pa sitting room, rimoti ili m'manja mwa atata. Manje TV ili m'thumba la yunifomu. Palibe decoder yozimitsa.

Nikanalemba cabe za mkangano wa m'basi, koma ninatsikila pa Nyimba, kwa amalume, ndipo kumeneko nkhaniyi ninaipeza ili na nkhope.

Msuweni wanga ali giredi 10. Dzina lake sinichula. Kuyambila ali wamng'ono, mwana uyu mwendo wake unali wina. Ukwati uliwonse wa m'komboni mwao, amatroni anali kumuitana kuti aphunzitse a line-up masitepu, ndipo anali kubwela na kandalama kogulila mabuku. Caka catha atsikana a m'kilasi mwake, okonda filimu ija, anayamba kumucha Carlos. Sanali kumunyoza. Carlos ndiye katswili wa magule, ndiye anaona kuti dzina limuyenela. Iye analilandila, mpaka analilemba pa cikuto ca buku la masamu.

Amalume, amene filimu ya ana alibe nayo nchito, atamva dzinalo ananyada. Anaganiza kuti ni Roberto Carlos wa ku Brazil uja wa mwendo wamanzele, ndipo anauza anzao pa nsolo kuti mwana wayamba kuchuka pa bola.

Cinasintha zinthu ni kadutswa kamodzi ka pa foni. Anyamata ena, amene filimu yonse sanaione, anaona pamene Carlos avina na Seb. Kuyambila tsiku limenelo dzina lija linatembenuka. Akapita pamseu waukulu paja pogulitsila nthoci, wina amafuula kuti Carlos, Seb ali kuti? Ena n'kuseka. Pa gulu la WhatsApp la kilasi anaikapo cithunzi cake pafupi na kadutswa kaja. Nkhani inafika kwa amai ena a ku chalichi, kucoka apo inafika kwa amalume, ndipo tsiku limenelo ku nyumba kunalibe wodya nsima bwino. Buku la masamu lija tsopano lilibe cikuto. Maukwati awili apita, iye sanaphunzitseko olo sitepu imodzi.

Sininamufunse ngati zimene amamunena n'zoona. Ena a inu mudzati mtolankhani wanji wosafunsa funso lalikulu. Koma mwanayu anavina cabe. Palibe cina cimene anthu amuona acita, ndipo funso limenelo likanakhala kupitiliza nchito ya anyamata a pa nthoci aja.

Ku Salt Lake City, kumucha munthu Carlos ni nthabwala ya pa sukulu. Kuno dzinalo limagwela pa dziko lina. Cigawo 155 ca Penal Code cimapeleka zaka 15 kufika moyo wonse m'ndende kwa opezeka na mlandu wogonana amuna okha-okha. Mwezi weniweni umene filimuyi inayamba, November 2019, khoti lalikulu linagamula amuna awili a ku Kapiri Mposhi zaka 15. Kazembe wa America, Daniel Foote, atadzudzula cigamuloco, ubale wake na boma unatha ndipo anacoka m'dziko. Amunawo anakhululukidwa na a Edgar Lungu mu May 2020. Mwana wa giredi 10 sadziwa nambala ya cigawo, koma adziwa bwino kuti pali mau amene akakumamatila pa boma yaing'ono monga Nyimba, pamene aliyense adziwa atate ako na chalichi yako, sacoka na sopo.

Patapita masiku awili ninapitilila ku Petauke, ola limodzi pa basi, kuti nikamve ngati kumenekonso zili conco. Pa msika ninakhala na mnyamata wina wa kashopu kokonza mafoni na kuikamo mafilimu. Iye alibe mbali, ali pa bizinesi. Ananiuza kuti mafilimu a nyimbo amafunsidwa kwambili na atsikana, anyamata amafuna a nkhondo, koma ena amabwela okha madzulo n'kupempha ya nyimbo ija motsitsa mau, ati ni ya mlongo wanga. Anakambanso za amai ena amene anabweletsa foni ya mwana wao kuti afafanize zonse. Anafafaniza, analipidwa. Patapita mlungu mwanayo anabwela kuti amuikilenso, analipidwanso.

Mphunzitsi wina wa Cizungu amene amayang'anila drama club ananiuza kuti iye filimuyo saikonda, ndipo sangaionetse m'kilasi. Ni mkhristu wolimba, ndipo ananikumbutsa kuti a Chiluba analengeza Zambia dziko lacikhristu mu December 1991. Koma cimene cimuvuta ni cina: anyamata ayamba kuthawa masewelo na kwaya, kuopa maina. Sewelo likafuna mfumu kapena atate, amaveka mtsikana jekete.

Apa ine mtima unaniwawa, cifukwa kwathu kuno mwamuna wovina sanakhalepo nkhani. Pitani ku Mtenguleni mu February pa Nc'wala, muone madoda a Cingoni mmene amapondela ngoma. Pitani ku Tuwimba kwa a Kalindawalo. Makolo amene amaopa filimu zakunja ali na ufulu wonse woyang'anila foni za ana ao, ndipo nigwilizana nao kuti mwana wa zaka 12 safunika kuona ciliconse cili pa flash ya mnzake. Koma pa nkhani ya msuweni wanga, filimu sinamucite kanthu. Atsikana amene anaiona yonse anamupatsa dzina mwacikondi. Amene anamugwetsa ni aja oona masekondi makumi atatu.

Pobwelela ku Lusaka ninagonanso pa Nyimba. Madzulo kunabwela amatroni a ukwati wa mu August, anagwada pakhomo, n'kuuza amalume kuti a line-up asokonezeka, masitepu sagwilizana, abweleke mwana olo masiku atatu cabe. Amalume anakhala cete nthawi yaitali, ndiye anati mumufunse mwine wake. Anamuitana. Anaimilila patali, manja kumbuyo, n'kuyankha kuti ali na mayeso a masamu.

Usiku magetsi atapita, ninatuluka kukasamba m'manja kuseli kwa nyumba. Ninamva kanyimbo ka pansi-pansi kocokela pa foni, na mapazi akuwelenga pa dothi, wanu, thu, fili, fo. Atamva citseko, nyimbo inazima.