Mapaipi a labala a mabuleki amakalamba ngakhale galimoto isakuyenda

Mua, Dedza: Ogwira ntchito m'boma ambiri akamachoka ku Lilongwe kupita kumisonkhano ku Mangochi, kapena akamapita ndi mabanja awo kukaona Mua Mishoni, yomwe ansembe a White Fathers adakhazikitsa m'chaka cha 1902, amapatuka pa Masasa pamsewu wa M1 n'kutsetsereka pa Khwekhwerere mpaka pa Golomoti. Pamtunda waufupiwu galimoto imatsika mamita pafupifupi 1,000 ikukhotakhota, ndipo phazi la woyendetsa silitalikira buleki. Apa ndi pamene pamayesedwa kachipangizo kotsika mtengo komwe eni galimoto ambiri sadakaonepo: paipi ya labala yofikitsa mafuta a mabuleki ku tayala.

Woyendetsa akaponda buleki, mafutawa amakankhidwa m'mapaipi achitsulo omangiriridwa kunsi kwa galimoto. Koma tayala limadumpha m'mabampu, ndipo lakutsogolo limatembenuka ndi chiwongolero, kotero chitsulo chikadafika mpaka ku tayala chikadathyoka. N'chifukwa chake chakumapeto amalumikizapo paipi yofewa ya labala, yolimbitsidwa ndi ulusi wolukidwa mkati mwake.

Labala amatha ndi zaka, osati ndi makilomita okha. Galimoto zambiri za mabanja m'dziko muno zidagulidwa zitayenda kale ku Japan, n'kulowa kudzera pa doko la Dar es Salaam ndi chipata cha Songwe. Mwiniwake amanyadira kuti yayenda mtunda wochepa, osadziwa kuti mapaipi ake ndi omwe idatuluka nawo ku fakitale zaka khumi kapena kuposerapo zapitazo. Kutentha kwa kuchigwa kwa Golomoti ndi Mtakataka m'miyezi ya Okutobala ndi Novembala, kuphatikizapo miyala ndi matope a m'misewu yafumbi, kumangofulumizitsa ukalambawo.

Ming'alu yakunja ndi yosavuta kuiona. Ulusi wamkati ukayamba kuduka, paipi imatupa nthawi iliyonse buleki ikapondedwa, ndipo mphamvu yoyenera kufika ku tayala imathera pa chotupacho. Koma vuto lomwe limapusitsa ngakhale amakaniko ndi la paipi yooneka yabwinobwino kunja, chikhalirecho mkati labala wasupuka n'kutchinga njira. Mafuta amadutsa popita chifukwa phazi likuwakankha mwamphamvu, koma pobwerera amakanika. Zikatero mapadi amakhalabe atagwira, tayalalo limatentha kuposa anzake, ndipo galimoto imakokera mbali imodzi. Ambiri amasintha mapadi kawiri katatu, n'kumadandaula kuti adawagulitsa achinyengo, pomwe cholakwika ndi paipi.

Pamalo otsetsereka ngati Khwekhwerere kutenthaku kumalowa m'mafuta a mabuleki. Mafuta a mtundu wa DOT 3 akakhala atsopano sayenera kuwira asadafike madigiri 205, ndipo a DOT 4 madigiri 230. Koma mafutawa amayamwa chinyezi, china cholowera m'labala momwemo, ndipo akayamwa madzi ochepa chabe, osakwana magawo anayi pa 100 alionse, malirewo amatsika kufika pa 140 ndi 155. Mafuta akawira amasanduka nthunzi, ndipo nthunzi imafinyika, kotero buleki imangolowa mpaka pansi galimoto osaima. Galimoto zamasiku ano zili ndi njira ziwiri za mafutawa kuti paipi imodzi ikaphulika matayala awiri azigwirabe, koma theka la mabuleki pa ngodya ya phiri, m'galimoto muli banja lonse ndi katundu, si chinthu chodalira.

Ena amakhulupirira kuti chiphaso cha COF, chomwe chimachokera ku nthambi ya Directorate of Road Traffic and Safety Services, chimawatsimikizira chaka chonse. Chiphasochi chimangonena mmene galimoto idalili tsiku lomwe idayesedwa.

Kuona mapaipiwa kumafuna anthu awiri ndi mphindi zochepa. Chiwongolero chikhotetsedwe mpaka kumapeto, wina aponde buleki mwamphamvu, mnzake ayang'ane ndi kukhudza paipi kuseri kwa tayala. Ikatupa, ikakhala yonyowa polumikizira, ikaonetsa ming'alu poipinda pang'ono, kapena ikakhala ndi malo opukusika chifukwa chokhudzana ndi tayala, isinthidwe. Ndi bwino kusintha ya kumanzere ndi ya kumanja nthawi imodzi popeza zonse ndi zamsinkhu umodzi. Opanga galimoto ambiri amalangiza kusintha mafuta a mabuleki zaka ziwiri zilizonse, ndipo tsiku limenelo ndi loyeneranso kuona mapaipi.

Paipi ya buleki siimatidwa. Kuikulunga ndi mphira ya chubu, kapena kuipana ndi pulayala kuti tayala limodzi lisamalandire mafuta, monga zimachitikira m'mbali mwa msewu, ndi kuika miyoyo pachiswe. Yochotsa pa galimoto yakufa nayonso ndi yokalamba chimodzimodzi ndi yomwe ikuchotsedwayo.

Mwini galimoto ali ndi ufulu woimirira pafupi makaniko akamagwira ntchitoyi. Paipi yatsopano ikhale yautali wofanana ndi yakale, isapotoke poimanga, ndipo mawashala a kopa polumikizira akhale atsopano. Chitsulo chogwira mapadi chisasiyidwe chikulendewera pa paipi. Oyilo wa injini kapena wa giyabokosi asathiridwe m'malo mwa mafuta a mabuleki chifukwa amatupitsa labala yense. Pomaliza mpweya wonse uchotsedwe m'mapaipi mpaka buleki italimba, ndipo galimoto iyesedwe pamalo athyathyathya isadalowe pamsewu waukulu.

Potsika phiri, giya yotsika ndiyo iyenera kugwira galimoto, ndipo pa galimoto ya otomatiki ndodo iikidwe pa 2 kapena pa L. Woyendetsa akamva fungo la kupserera kapena buleki ikayamba kufewa, aime pambali, adikire kuti mabuleki azizire okha popanda kuwathira madzi, ndipo akafika pa Golomoti aonetse galimoto kwa makaniko asadapitirize ulendo wa pa M5 kulowera ku Mua ndi Mtakataka.