BWANJI PA PHIRI LA MULANJE PALIBE ZIGOBA ZA M'NYANJA?

Pa tchuthi chapitachi ndinakwera phiri ndi msuweni wanga, kudzera ku Fort Lister kulowera cha ku Sombani. Tili m'njira iye anatola chigoba cha nkhono choyera kuti mbee, nandifunsa mondiseka: "A Bambo a mawa, paja amati m'mapiri mumapezeka zigoba za m'nyanja. Kodi ichi sichikusonyeza kuti kale kuno kunali nyanja?" Ine poopa kuoneka mbuli ndinangovomera. Nditabwerera kuno ku seminale ndinafunsa aphunzitsi athu a Jiyogalafe, ndinawerenganso pang'ono, ndipo ndinapeza kuti ndinamunamiza.

Kuti zigoba za m'nyanja zimapezeka m'mapiri ndi zoona, koma si m'phiri lililonse ayi. Taonani mtsinje wa Phalombe nthawi ya dzinja. Umatenga matope ndi mchenga kukathira ku nyanja ya Chilwa, ndipo kanyama kofera pansi pa madzi kamakwiririka m'matopemo. Chaka china matope ena amadzagona pamwamba pake. Pakapita zaka zambiri-mbiri matope apansi amalimba n'kukhala mwala, ndipo chigoba chija chimatsalira m'kati, nachonso chitasanduka mwala. Mmodzi mwa anthu oyamba kulongosola bwino zimenezi anali Nicolas Steno wa ku Denmark. M'buku lake la mu 1669 iye anasonyeza kuti miyala yotere imasanjikizana ngati mabuku pa tebulo: wapansi ndiye unayamba kugona. Steno yemweyu pambuyo pake anadzakhala episkopi, ndipo Papa Yohane Paulo Wachiwiri anamutchula Wodala mu 1988.

Mwa zigoba zonse zosanduka miyala, zimene zinandikoka mtima ndi za kanyama kotchedwa brachiopod. M'Chichewa kalibe dzina, pakuti kamakhala m'nyanja zamchere zokha-zokha. Kali ndi zigoba ziwiri, choncho munthu angakasokoneze ndi tinyama ta zigoba ziwiri timene ana amatola m'mbali mwa nyanja ya Malawi. Koma kusiyana kulipo. Zigoba za tinyama ta kwathu n'zofanana, china kumanja china kumanzere, monga manja awiri ogundana popemphera. Za brachiopod zili ngati mbale ndi chivundikiro chake: china n'chachikulu, china n'chaching'ono. Komabe mukalemba mzere pakati pa chigoba chimodzi, mbali ziwirizo zimafanana ndendende ngati nkhope ya munthu. Mitundu yambiri ili ndi kamchira kotulukira pa kabowo ka chigoba chachikulu, ndipo ndi kamchirako kanyamaka kamadzimangirira pansi pa nyanja. Sikayenda kukafuna chakudya. Kamangoyasamula pang'ono, n'kumasefa madzi ndi tiubweya ta m'kati mwake, n'kumadya tizinthu ting'ono-ting'ono toyandama.

Kale tinyamati tinali mbwee pansi pa nyanja. Akatswiri a miyala apeza mitundu yoposa 12,000 imene inatha, pamene yamoyo lero ndi pafupifupi 400 basi. Chinaichepetsa kwambiri ndi tsoka lalikulu la zaka 252 miliyoni zapitazo, limene linapulula zamoyo zambiri za m'nyanja.

Tsono tiyeni tipite kutali, kumene zigobazi zili zambiri. Kumpoto kweni-kweni kwa dziko lapansi kuli zilumba za Svalbard, zimene zili m'manja mwa dziko la Norway. Kuchokera m'tauni yake ya Longyearbyen kukafika pa nsonga ya kumpoto kwa dziko pali makilomita pafupifupi 1,300 okha. Kumeneko dzuwa limatha miyezi pafupifupi inayi osatuluka, mitengo kulibe, ndipo gawo lalikulu la dzikolo lili pansi pa madzi oundana. Ife timadandaula ndi chisanu cha Juni pa phiri pano, koma kumeneko tingalire. Komatu pa chilumba chachikulu cha Spitsbergen, m'matanthwe amene akatswiri amawatcha Kapp Starostin, muli zigoba za brachiopod zosawerengeka, za zaka pafupifupi 270 miliyoni. Zina n'zotambalala ngati mapiko a mbalame, zina n'zotukuka ngati kambale, ndipo zili moyo zinali ndi minga yoziletsa kumira m'matope.

Chodabwitsa kwambiri chili pansi pa matanthwe amenewa. M'miyala yakale kuposa iyi, ya zaka pafupifupi 300 miliyoni, muli zotsalira za zamoyo zokonda madzi ofunda, zonga zimene lero zimamanga matanthwe m'nyanja za kotentha. Mukamakwera m'mwamba, za madzi ofunda zija zimachepa ndipo zimachuluka ndi za madzi ozizira. Malinga ndi lamulo la Steno lija, ndiye kuti malowa anayamba ali otentha, kenaka n'kumazizira. Chifukwa chachikulu n'chakuti Svalbard sanali pamene ali lero. Anali kufupi ndi pakati pa dziko, ndipo wakhala akusendera kumpoto pang'ono-pang'ono. Maiko amayenda masentimita owerengeka pa chaka, liwiro longa la kukula kwa zikhadabo zathu. Pamene Mjeremani Alfred Wegener ananena zoti maiko amayenda mu 1912, akatswiri ambiri anamutsutsa. Iye anafera m'chipale chofewa ku Greenland mu 1930, ndipo maganizo ake anadzavomerezedwa m'zaka za m'ma 1960.

Nanga ife tinali kuti nthawi imeneyo? Apa ndi pamene ndinaseka ndekha m'kalasi. Pamene Svalbard ankaothera dzuwa, kum'mwera kwa Africa n'kumene kunali madzi oundana. Africa anali wolumikizana ndi South America, India, Australia ndi Antarctica m'dziko limodzi lalikulu lotchedwa Gondwana, ndipo mbali yathu ino inali kufupi ndi nsonga ya kum'mwera. Madzi oundanawo atasungunuka kunamera nkhalango m'madambo, ndipo nkhalango zimenezo ndizo zinasanduka malasha a ku Mchenga, kumunsi kwa Livingstonia. Dera limene lero ndi Malawi linali m'kati mwa Gondwana, kutali ndi nyanja yamchere. Ku South Africa, m'miyala ya Bokkeveld kumpoto kwa Cape Town, zigoba za brachiopod ziliko, pakuti kumeneko nyanja inafikako.

Phiri lathu lili ndi chifukwa chinanso chosakhalira ndi zigoba zotere. Mwala wa Mulanje sunachokere ku matope ogona pansi pa madzi ayi. Unali chiphala-phala chotentha chimene chinakwera kuchokera pansi pa nthaka zaka pafupifupi 130 miliyoni zapitazo, n'kuzizirira m'kati momwemo chisanatulukire kunja. Miyala yofewa imene inachikuta inakokoloka ndi mvula, n'kutsala thanthwe lolimba limene nsonga yake, Sapitwa, ndi yotalika mamita 3,002. M'chiphala-phala simungakhale chamoyo, ndipo chigoba chogweramo chingapserere. Mutaphwanya mwala wa pa Sombani mudzaona timibulu tonyezimira, osati mizere yosanjikizana. Kukokoloka kuja sikunathe: napolo wa mu Malichi 1991 wochokera ku Michesi, ndi namondwe Freddy wa mu 2023, anationetsa momvetsa chisoni mmene mvula imagumulira mapiriwa.

Amene akufuna kuona zosanduka miyala m'dziko muno apite ku Karonga. Kumeneko kunapezeka mafupa a chinyama chachikulu chimene mu 1993 chinapatsidwa dzina lakuti Malawisaurus, ndipo chifanizo cha mafupa ake chili m'nyumba yosungira zakale ya pa boma pomwepo, imene inatsegulidwa mu 2004. Ku Uraha mu 1991 kunapezeka nsagwada za munthu wakale-kale, za zaka pafupifupi 2.4 miliyoni. M'miyala ya m'dera lomwelo mulinso zigoba zakale za nkhono, koma ndi za m'madzi opanda mchere.

Chigoba cha msuweni wanga ndinabwera nacho kuno. Aphunzitsi anachizunguza m'manja, nandionetsa kuti n'chopepuka, n'chopiringizika, m'kati mwake muli dothi lakuda, ndipo sichinamatirire ku mwala uliwonse. Ndi cha nkhono wamba ya kumtunda, yonga zimene zimatuluka m'munda mvula ikagwa, ndipo mwina inafa chaka chatha chomwechi. Ndamulembera kale kalata msuweniyo kumuuza zimenezi, ngakhale ndikudziwa kuti pa Khirisimasi akandiseka.