Ankati ndi Bambo Le Blanc, chikhalirecho ndi mkazi

Akatswiri a masamu ku France ndi ku Germany ankayesa kuti akulemberana makalata ndi Bambo Le Blanc. Ayi ndithu. Anali Sophie Germain, mwana wamkazi wa munthu wamalonda wa ku Paris.

Sophie anabadwa mu 1776. Chipwirikiti cha ndale chitabuka mu 1789, iye ali ndi zaka 13, anabindikira m'nyumba kumawerenga mabuku a bambo ake. Makolo sizinawakomere. Ati usiku ankamulanda makandulo ndi kumuzimitsira moto, koma mwana ankangodzikulunga m'bulangete, masamu osaleka.

Sukulu ya École Polytechnique itatsegulidwa mu 1794, akazi sankaloledwa. Sophie anapeza manotsi, n'kumatumiza ntchito yake m'dzina la Le Blanc, mnyamata amene anaphunzirapo pasukulupo. Mphunzitsi Lagrange anachita chidwi nafuna kumuona. Chinsinsi chinaululika, koma mkuluyu sanamuthamangitse.

Nanga ankafufuza chiyani? Inu a tomato mukudziwa: tomato 12 mumamuika milu yofanana, koma 11 amakana, pokhapokha mugulitse mmodzimmodzi kapena mulu umodzi. Manambala okana chonchi amatchedwa ma prime. Tsono tengani 11, muwirikize kawiri, muwonjezere 1. Mwapeza 23, nayenso wokana. 5 akupatsani 11. Koma 7 akupatsani 15, yemwe amagawika bwinobwino. Manambala ngati 5 ndi 11 lero amatchulidwa dzina la Sophie Germain, chifukwa anawagwiritsa ntchito pogumulako mbali ya funso lovuta la Fermat, lomwe Andrew Wiles anadzalimaliza mu 1994.

Kuyambira mu 1804 ankalemberanso Gauss, katswiri wa ku Germany, ndi dzina lobwereka lomwe lija. Asilikali a Napoleon atalowa mumzinda wa Braunschweig mu 1806, Sophie anaopa kuti Gauss aphedwa, ndiye anapempha Jenerale Pernety, bwenzi la banja lawo, kuti amuyang'anire. Gauss atauzidwa amene wamuchitira chifundo anangoti kukamwa yasa, dzinalo sankalidziwa. Sophie anachita kulemba kalata yodziulula, ndipo Gauss anayankha momutamanda kwambiri.

Mu 1816 analandira mphoto ya Academy ya sayansi ku Paris, mkazi woyamba kutero, pa kafukufuku wa momwe zitsulo zopyapyala zimanjenjemerera. Koma digiri sanapatsidwe, ntchito ya pasukulu yaukachenjede osaiona n'komwe. Anamwalira ndi khansa ya m'mawere mu 1831 ali ndi zaka 55. Pachikalata cha imfa yake sanalembepo za masamu, anangoti mayi wokhala ndi chuma chake.