Chubu kapena chubulesi: limu ndilo limagamula pa galimoto zamgonagona

Eni galimoto zamgonagona, makamaka zija zinapangidwa ku Britain, France ndi Italy kuyambira m'zaka za m'ma 1940 kufikira m'ma 1960, amakhala ndi funso lovuta matayala akatha, chifukwa matayala ambiri amene akugulitsidwa masiku ano ndi achubulesi, kutanthauza oyenda opanda chubu, pomwe malimu ambiri a galimotozo anasulidwa kuti azigwira ntchito ndi chubu. Funsoli silingayankhidwe poyang'ana tayala lokha, pakuti chimene chimagamula ndi limu, ndipo wonyalanyaza mfundo imeneyi amaika pachiswe moyo wake ndi wa anzake pamsewu.

Tayala lopopa linayamba kutchuka mu 1888 pamene John Boyd Dunlop anakonza lake mumzinda wa Belfast, ndipo kwa zaka zoposa 50 zotsatira mpweya unkasungidwa m'chubu. Zinthu zinasintha pamene kampani ya BF Goodrich ya ku America inalengeza za tayala lopanda chubu mu 1947, ndipo pofika 1955 galimoto zatsopano zambiri m'dzikolo zinkatuluka m'fakitale zitavala matayala oterewa. Chinsinsi chake ndi mphira wapadera wotchedwa butyl, amene amamatidwa m'kati monse mwa tayala ndipo salola mpweya kudutsa msanga. Ubwino wake umaoneka msomali ukalasa, chifukwa mphirayo amaugwira mothina moti mpweya umatuluka pang'onopang'ono, pomwe chubu chikabooka mpweya umathawira pabowo la valavu ndipo tayala likhoza kuphwa nthawi yomweyo galimoto ili paliwiro.

Komabe, chubu chikachotsedwa, limu limasanduka mbali ya chosungira mpweya, choncho liyenera kukwaniritsa zinthu ziwiri. Choyamba n'chakuti lisadonthe mpweya paliponse, kaya polumikizira, pabowo la valavu kapena pamene dzimbiri ladya chitsulo. Chachiwiri n'chakuti ligwire mlomo wa tayala, womwe ndi mkombero wolimba wokhala ndi mawaya m'kati umene umakhazikika m'mphepete mwa limu. Malimu amakono amakhala ndi kamzere kotukuka ngati linunda la ng'ombe kozungulira limu lonse, kamene kamaletsa mlomowo kutsetserekera m'kati galimoto ikamakhota mwamphamvu mpweya uli wochepa, ndipo zilembo monga H, H2 kapena FH zodindidwa pa limu zimasonyeza kuti kamzereko kalipo. Pamene palibe, mlomo wa tayala ukangosuntha mpweya wonse umatha kamodzin'kamodzi. N'zoona kuti galimoto zina za m'ma 1950 ndi m'ma 1960 zinkagulitsidwa ndi matayala achubulesi pa malimu opanda kamzereko, koma ambiri ogulitsa matayala a galimoto zakale amalangiza kuika chubu pa malimu oterowo, chifukwa chubu chimasungabe mpweya ngakhale mlomo utasuntha pang'ono.

Nkhaniyi imamveka bwino kwambiri pa malimu amasipoko, amene amakongoletsa galimoto monga MGB, Austin-Healey ndi Jaguar E-Type ya mu 1961, komanso galimoto za ku Italy zovala malimu a kampani ya Borrani ya ku Milan. Malimu amenewa kawirikawiri amakhala ndi masipoko 48, 60 kapena 72, ndipo sipoko iliyonse imalowa pabowo lake, moti limu limodzi limakhala ndi njira zambirimbiri zothawira mpweya. Pa chifukwa chimenechi chubu n'chosapeweka, ndipo pansi pake pamafunika lamba wamphira wophimba mitu ya masipoko kuti isachicheke. Makampani ena, monga Dayton ya ku Ohio, amapanga malimu amasipoko atsopano omatidwa ndi silikoni kuti aziyenda opanda chubu, koma kumata limu lakale kunyumba n'koopsa, chifukwa masipoko amasuntha galimoto ikamayenda ndipo amafunika kumangidwanso nthawi ndi nthawi, zimene zimang'amba chomatiracho.

Malimu achitsulo akale nawo si onse otetezeka, pakuti ena analumikizidwa ndi misomali yokhomerera m'malo mowotcherera, ndipo mpweya umadutsa m'mbali mwa misomaliyo. Chitsanzo chodziwika kuno kwathu ndi Land Rover zakale, zimene zinayamba kupangidwa mu 1948 ndipo zina zikuyendabe m'misewu ya fumbi ya ku Malawi ndi ku Zambia. Malimu ake oyambirira a mainchesi 16 anapangidwira chubu, ndipo popeza oyendetsa ena amachepetsa dala mpweya akafika pamchenga kapena pamatope, kuchotsa chubu pa malimu amenewa kumachulukitsa ngozi yakuti tayala livuke.

Wosankha kuika chubu m'tayala lachubulesi ayeneranso kusamala, chifukwa m'kati mwa matayala ambiri otere mumakhala timizere tokhakhala ndi timapepala tomatidwa kufakitale, zimene zimakhula chubu mpaka kuchiboola. Makaniko wodziwa ntchito yake amachotsa timapepalato, amapala dzimbiri pa limu, amawaza ufa wa talc kuti chubu chiziterera, ndipo amachipopa pang'ono asanachilowetse kuti chisapindike kapena kupanika pansi pa mlomo wa tayala. Chubucho chiyenera kukhala chatsopano ndiponso cha saizi yoyenera, ndipo valavu yake igwirizane ndi bowo la limu, lomwe kawirikawiri limakhala la mamilimita pafupifupi 11 kapena 16. Akatswiri ambiri salimbikitsanso chubu m'matayala aafupi m'mbali, amene nambala yake yachiwiri ndi yochepera 70, nambala imene pa saizi monga 185/70 imasonyeza kuti msinkhu wa m'mbali ndi magawo 70 pa 100 a m'lifupi mwa tayala.

Vuto lina la galimoto zamgonagona n'lakuti siziyenda kawirikawiri, motero matayala ake amakalamba asanathe mapanga, ndipo mphira amauma n'kuyamba ming'alu ngakhale tayala likuoneka lonona. Kuyambira chaka cha 2000, manambala anayi omalizira pa chizindikiro cha DOT chodindidwa pa tayala amasonyeza sabata ndi chaka chimene tayala linapangidwa, moti 2319 akutanthauza sabata ya 23 ya chaka cha 2019. Mwini galimoto amene wawononga ndalama zambiri pokonza injini ndi penti ayenera kulola kuti tayala livulidwe, limu lipimidwe ndi munthu wolidziwa ndiponso manambalawa awerengedwe asanagule chilichonse, chifukwa mtengo wa machubu asanu ndi malamba ake ndi wochepa kwambiri poyerekeza ndi zimene zingatayike tayala lakutsogolo likaphwa mwadzidzidzi pakona.