Mmene Chithunzi cha Nebula Chimapangidwira pa Kompyuta

Munthu akaloza telesikopu yaing'ono ku nebula ya Orion amangoona kamtambo kotuwa. Kufiira kumene kumaoneka pazithunzi diso silikugwira, chifukwa mumdima maso athu sasiyanitsa bwino mitundu. Mtambo wa mpweya ndi fumbiwu uli kutali moti kuwala kwake kumayenda zaka zoposa 1,300 kusanatifike, ndipo kumafika kutafookeratu.

Woyamba kuujambula anali Henry Draper mu 1880. Mu 1883 Andrew Common, amene ankachita izi mongozikonda kunyumba kwake ku Ealing, London, anatulutsa chithunzi choonetsa nyenyezi zimene diso silinkaziona pa telesikopu yomweyo.

Okonda ntchitoyi masiku ano sajambula kamodzi ayi. Kamera imatsekulidwa kwa mphindi zingapo, kenako kubwereza usiku wonse, telesikopu ikutsatira nyenyezi pamene dziko likuzungulira. Chithunzi chilichonse pachokha n'chokhumudwitsa: chakuda bii, chodzaza timadontho ngati mchenga. Mapulogalamu monga Siril ndi DeepSkyStacker, omwe ndi aulere, amasanjikiza zithunzizo mogwirizanitsa nyenyezi. Timadontho timagwa pena paliponse mwachisawawa ndiye timafafanizana, pamene kuwala kwa nebula kumakhala pamalo pomwepo n'kumakula mphamvu. Zithunzi 100 zimayeretsa kuwirikiza kakhumi kuposa chimodzi. Mzere wa setilaiti yodutsa nawonso umatayidwa pomwepa.

Wojambula amatenganso zithunzi telesikopu itavindikiridwa, kuti achotse zimene kamera imaonjezera yokha ikatentha, ndi zina ataloza pamalo oyera mofanana, zoonetsa pamene pagwera fumbi.

Luso lenileni lili pa kukoka kuwala kofooka kuti kuonekere. Akakoka pang'ono, mapiko a Orion amabisala. Akapyola muyeso, pakati pamene pali nyenyezi zinayi za Trapezium pamangoyera mbuu. N'chifukwa chake ambiri amasakaniza zithunzi za masekondi ochepa ndi za nthawi yaitali.

Nanga mitunduyo ndi yoona? Haidrojeni amawala mofiira, okosijeni mobiriwira mopendekera ku buluu. Koma pa chithunzi chotchuka cha Pillars of Creation, chimene telesikopu ya Hubble inajambula mu 1995, haidrojeni anapatsidwa mtundu wobiriwira, okosijeni wabuluu, sulufule wofiira, kuti mipweyayo isiyanitsike. Ambiri amatsanzira njirayi, ndipo si bodza malinga wojambula anene zimene wachita. Cholakwika ndi kulola pulogalamu kupeka timizere timene kamera sinagwire.

Khamali limapezanso zatsopano. Mu 2023 Marcel Drechsler, Xavier Strottner ndi Yann Sainty analengeza za mtambo waukulu wa okosijeni pafupi ndi mlalang'amba wa Andromeda, dera limene akatswiri akhala akulijambula kwa zaka zoposa 100 osauona. Chithunzi chawo chinapambana mpikisano wa Royal Observatory Greenwich chaka chomwecho.