Mtsinje Usatidyere Madimba

Ku Chinyunyu, m'boma la Rufunsa, kumene apaulendo a pa mseu wa Great East amaima kuti aone akasupe a madzi otentha, kudula mitengo ya makala kwasiya magombe ena a timitsinje poyera. Mvula ikadza, madzi amakumba kunsi kwa gombe, dimba niligumukira m'madzi.

Mankhwala ake alipo. M'cilimwe madzi ataphwa, gumulani gombe ndi makasu kuti likhale lotsetsereka. Yalani miyala ikuluikulu kunsi, ing'onoing'ono m'mipata. Mvula ikayamba, bzalani bango, nsungwi ndi udzu wa vetiva pamwamba pake, ndipo musalime kufika pagombe penipeni.

Miyala idzacinjiriza gombe pamene mizu isanakhwime; mizu ikazama idzaligwira zaka zambiri. Alimi, musazengereze: madzi saiwala khwawa.