Musanagule malata, funsani za pepala lakuda

Ku Nkhamanga fodya akagulitsidwa, ngolo za njerwa zimayamba kuyenda. Kuchokera pa Bolero mpaka ku Mwazisi achinyamata akumanga, ena ndi ndalama za fodya, ena ndi za ku Joni. Zithunzi zomwe timatumizirana pa WhatsApp zimakhala za malata, mawindo ndi penti. Koma ine ndikaona nyumba yatsopano, maso amathamangira pansi, pomwe khoma lakhalira pa fawundeshoni.

Pamenepo pamayenera kuyalidwa pepala lakuda la pulasitiki lomwe amisiri amati DPC. Njerwa yootcha imamwa madzi ngati chingwe cha koloboyi. Popanda pepalali, chinyezi cha m'nthaka chimakwera khoma pang'onopang'ono. Pakatha madzinja angapo mumaona pulasitala akufufuma, penti akusupuka, m'munsi mwa khoma mwayera mchere, m'chipinda mukununkha nkhungu. Pakatsala mng'alu, chiswe nacho chapeza msewu wopita ku mafelemu ndi mitengo ya denga.

Ku America, komwe makoma ambiri ndi amatabwa, amayala kasiponji pakati pa fawundeshoni ndi thabwa loyamba kuti mphepo isalowe. Ifenso kuno timaidziwa mphepo yotsika ku Nyika mu June ndi July. Imalowera pansi pa chitseko ndi m'mipata ya mafelemu, mwana n'kumakhosomola usiku wonse.

Ndiye abale, makamaka inu amene mukumangitsa muli kutali, muuzeni mmisiri ajambule pepalalo asanaike mzere woyamba wa njerwa. Likhale masentimita osachepera 15 kuchokera pa dothi la panja, ndipo lifike mulifupi monse mwa khoma. Polumikiza mapepala awiri, lina likwere pa linzake. Pamakona pasatsale mpata. Pulasitala asadutse pamwamba pake kukagunda dothi, chifukwa madzi adzakwerera momwemo. Mipata ya m'mbali mwa mafelemu aitseke bwino ndi matope a simenti, koma timabowo ta mpweya ta pamwamba asatitseke ayi. Nyumba imafunika kupuma, makamaka kwa ife ootha mbaula.

Mmisiri wina adzakuuzani kuti "zimenezo n'zachizungu, bwana, kuno n'kouma." Musamvere. Mtengo wa pepalali ndi wochepa poyerekeza ndi wa malata. Komanso malata akadontha mumakwera n'kusintha limodzi, pomwe pepala loiwalika kuliika bwino kumafuna kugumula m'munsi mwa khoma lonse.